Ku Nunavut, kufupi pa mapu si kufupi pa ndege: njira iti yofikira midzi ya kumpoto kwa Canada?

Mlongo wina wa kumpingo kwathu, namwino amene anasamukira ku Canada, anandiimbira foni tsiku lina ali ndi makalata awiri m'manja. Onse anali omuitana kuntchito ku Nunavut, dera la kumpoto kwenikweni kwa dzikolo. Ina inali ya ku Rankin Inlet, inayo ya ku Cambridge Bay. Amuna ake anali atayamba kale ntchito ku Iqaluit, likulu la derali, choncho funso lake linali limodzi: ndi kuti kumene azitha kuonana pafupipafupi? Anali atayeza kale pa mapu a pafoni.

"Achimwene," anatero, "kuchoka ku Iqaluit kupita ku Rankin Inlet ndi makilomita 1,180, ku Cambridge Bay ndi 1,700. Kusiyana kwake n'kochepa, ndege imamaliza pamenepo ola lisanakwane. Ndingotenga ya malipiro abwinoyo basi."

Ndinamupempha kuti asayankhe kalata iliyonse usiku umenewo. Manambala ake anali olondola ndithu, koma umenewo ndi mtunda wa atsekwe akamauluka. Munthu wa tikiti m'manja sadutsa mmenemo. Ku Rankin Inlet kuchokera ku Iqaluit ndi ndege imodzi, pafupifupi maola awiri. Ku Cambridge Bay ndi ulendo wogona panjira, ndipo umayamba watuluka mu Nunavut kenako n'kulowanso. Zimene ndinamufotokozera ndi zimene ndalemba panozi, ndawonjezerapo ndi zina, chifukwa sindifuna kuti wina mwa ife asaine kalata ya zaka ziwiri atangodalira mapu.

Dera lopanda msewu

Nunavut inakhala dera lapalokha pa 1 Epulo 1999, itapatulidwa ku Northwest Territories. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 2 miliyoni, moti Malawi angalowemo ka 17, koma pa kalembera wa 2021 anthu ake sanakwane 37,000. Ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Inuit, ndipo amakhala m'midzi 25. Palibe msewu wolumikiza mudzi wina ndi unzake, palibenso msewu kapena njanji yochoka kum'mwera kwa Canada kulowa m'derali. Kamsewu ka makilomita 32 ka pakati pa Arctic Bay ndi Nanisivik n'komwe kankalumikiza midzi iwiri, koma mgodi wa ku Nanisivik unatsekedwa mu 2002 ndipo anthu anasamukako.

Chimene mlendo ayenera kumvetsa choyamba n'chakuti derali lili ndi zigawo zitatu, ndipo chilichonse chinamangirizidwa ku mzinda wakewake wa kum'mwera. Qikiqtani, kumene kuli chilumba cha Baffin ndi Iqaluit, imayang'ana ku Ottawa. Kivalliq, yomwe ili m'mbali mwa nyanja ya Hudson Bay chakumadzulo ndipo mphambano yake ndi Rankin Inlet, imayang'ana ku Winnipeg. Kitikmeot, kumene kuli Cambridge Bay, imayang'ana ku Yellowknife ndi Edmonton. Zili ngati mitsinje itatu, uliwonse ukutsika m'chigwa chake. Kutsatira mtsinje n'kosavuta, koma kuchoka m'chigwa china kulowa m'chinzake ndiye ntchito.

Chifukwa chake si chobisika. Chakudya, makalata, madokotala ndi antchito zimachokera kum'mwera, odwala amapita kum'mwera, ndiye ndege zimadzaza zikamakwera ndi kutsika. Anthu odutsa chopingasa, kum'mawa kupita kumadzulo, ndi ochepa, makamaka ogwira ntchito m'boma ndi aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Iqaluit. Makampani a ndege nawonso ndi ochepa. Canadian North inaphatikizana ndi First Air mu 2019 n'kukhala kampani imodzi, ndipo ku Kivalliq kumayenda kwambiri Calm Air. Pamene palibe wopikisana naye mtengo sutsika, moti tikiti yochoka ku Ottawa kupita ku mudzi wakutali wa ku Nunavut nthawi zambiri imaposa yopita ku Ulaya.

Iqaluit mpaka Cambridge Bay: njira zitatu

Njira yoyamba ndi yodutsa chopingasa. Mumachoka ku Iqaluit kukatera ku Rankin Inlet, makilomita 1,180. Kuchoka pamenepo mpaka ku Yellowknife ndi enanso 1,140, ndipo apa mwatuluka mu Nunavut, mwafika likulu la Northwest Territories. Kenako mumakwera ina yobwerera chakumpoto chakum'mawa, makilomita 850, kukafika ku Cambridge Bay. Mukaphatikiza akupitirira 3,100, pamene mapu amati 1,700. Ndege yopingasayi siyenda tsiku lililonse, ndipo kawirikawiri nthawi yake sigwirizana ndi ya ku Cambridge Bay, choncho mumagona ku Yellowknife. Wotchi nayo muyenera kuibweza kawiri, chifukwa Iqaluit, Rankin Inlet ndi Cambridge Bay zili ndi nthawi zosiyana ndi ola limodzi limodzi.

Gawo lomalizalo linasintha posachedwapa. Potera ndege ku Cambridge Bay si pa tala, ndi pa timiyala. Kwa zaka zambiri kunkatera Boeing 737-200, jeti yakale imene inali ndi zitsulo zotchinga kuti timiyala tisalowe m'mainjini. Canadian North inapumitsa yomaliza ya mtunduwu mu 2023, ndipo majeti atsopano satera pa timiyala. Tsopano kumapita ATR 42, ndege ya mapulopela, imene imayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi jeti ndipo imanyamula zochepa. Zambiri mwa ndegezi zinagawidwa pakati: kutsogolo katundu, kumbuyo anthu, ndipo okwera amalowera khomo lakumbuyo. Katundu akachuluka, mipando imachepa.

Njira yachiwiri ndi yozungulira kum'mwera, ndipo ukaimva koyamba umaganiza kuti wina wasokonezeka. Mumatsika kuchoka ku Iqaluit mpaka ku Ottawa, makilomita pafupifupi 2,100, maola atatu pa jeti. Kenako mumadutsa Canada yense mpaka ku Edmonton, pafupifupi 2,850. Kuchoka apo mumakwera ku Yellowknife, pafupifupi 1,000, n'kumalizira ndi 850 aja. Onse pamodzi ndi pafupifupi 6,800, kuwirikiza kanayi mtunda wa pa mapu. Komabe anthu amaidutsa njirayi, ndipo ali ndi zifukwa. Ndege ya Iqaluit ndi Ottawa imayenda tsiku lililonse, ndipo za pakati pa mizinda ya kum'mwera ndi zambirimbiri, ina ikakusiyani mumapeza ina. Malo ogona alipo ochuluka ndiponso otsikirapo mtengo. Mumathanso kulowa m'sitolo n'kugula zinthu pa mtengo wa kum'mwera. Kuipa kwake n'kwakuti masiku awiri kapena atatu amathera m'njira, ndipo thupi limafika litatheratu. Wokhala ndi tchuthi cha sabata imodzi akazungulira chonchi popita ndi pobwera, amangotsala ndi tsiku limodzi kapena awiri ocheza ndi amene wawayendera.

Njira yachitatu ndi yochita hayala ndege yonse. Iyi yokha ndiyo imayandikira mzere wa pa mapu uja, ngakhale ndege yaing'ono imafunika kutera penapake kuti imwe mafuta. Vuto ndi ndalama. Mumalipira ndege yonse, mipando yopanda anthu yomwe, ndipo ngati ikubwerera yopanda kanthu ulendo umenewonso ndi wanu. Imathandiza magulu: nthumwi za msonkhano, timu ya achinyamata yopita ku mpikisano, kapena makampani a migodi amene amasinthanitsa antchito. Kwa munthu mmodzi wa malipiro a pamwezi, iwalani.

Ine ndikanakhala woyenda ndikanasankha yopingasa ngati tsiku langa likugwirizana ndi la ndegeyo, ndipo ndikanasungitsiratu chipinda ku Yellowknife. Yozungulira ndikanaitenga pokhapokha ngati ndili ndi chochita kum'mwera, monga kuonana ndi dokotala wa mano kapena kugula zovala za ana. Koma kwa mlongo uja nkhani sinali yosankha pakati pa njira zitatuzi. Yankho lake linali lakuti asadziike pamalo pomwe angamafunike kusankha. Rankin Inlet ili ndi potera ndege pa tala, jeti imatera, Iqaluit ndi ndege imodzi, ndipo Winnipeg ili pa makilomita pafupifupi 1,470 chakum'mwera, nayonso yofikika mosavuta.

Zimene zili pa mzere ku Ottawa

Amene akufuna kudziwa tanthauzo la ndege kwa anthu a kumeneku akaime m'mawa pa bwalo la ndege la Ottawa, pamene okwera ya ku Iqaluit akupereka katundu. Masutikesi ndi ochepa. Zochuluka ndi mabokosi apulasitiki akuluakulu, okulungidwa ndi tepi mizere ingapo, dzina la mwini ndi la mudzi zitalembedwa ndi zilembo zazikulu pamwamba ndi m'mbali. Mkatimo muli matewera, sopo wochapira, mpunga, khofi. Munthu amagwada pansi n'kutsegula bokosi, kuchotsamo paketi imodzi ya shuga kuti sikelo ivomere, kenako n'kuyambiranso kumata. Ena anyamula kabokosi ka madonasi m'manja, koti akagawire ana kunyumba. Ndinaona mayi wina atavala amauti, chovala cha amayi a chi Inuit chokhala ndi thumba lalikulu kumsana, mwana ali mmenemo akusuzumira paphewa. Mayiyo ankamugwedeza pang'onopang'ono uku akukankha bokosi ndi phazi, ndendende mmene mayi wa kwathu amachitira atabereka mwana pa depoti ya mabasi a ku Joni. Mtima wanga unakhala pansi nditaona zimenezo.

Ndege yomweyo ikamabwerera kum'mwera imanyamula zina: nsomba za Arctic char ndi nyama ya caribou (nyama ya kuthengo yonga gwape wamkulu) zoumitsidwa ndi kuzizira, zopita kwa achibale amene ali kuchipatala kapena kusukulu. Choncho poyerekeza matikiti musangoona mtengo. Funsani kuti ndi mabokosi angati ndi makilogalamu angati amene tikitiyo ikulola, ndiponso ngati malamulowo ndi omwewo pa ndege yaing'ono yakutsogolo. Zimene jeti yavomera ku Ottawa, ndege ya kumudzi ikhoza kuzisiya kuti zibwere tsiku lina. Dziwaninso kuti a Inuit olembetsedwa pansi pa pangano la malo limene anachita ndi boma la Canada mu 1993 ali ndi mitengo yawo yotsitsidwa, ndiye mnzanu wa kuntchito akakuuzani zimene analipira, musaganize kuti inunso mulipira zomwezo.

Midzi yoyandikana: ndege, snowmobile kapena boti

Kimmirut ndi mudzi wa anthu pafupifupi 400, makilomita 120 okha kuchoka ku Iqaluit. Potera ndege pake sipakwana mamita 600, choncho kumapita Twin Otter, kandege kolimba kotha kutera pamalo aafupi. Ulendo wake ndi wa theka la ola kapena kuposerapo pang'ono. Koma nkhungu kapena mphepo ikabwera kandegeko sikanyamuka, ndipo munthu akhoza kudikira masiku angapo pofuna kupita pamalo oti kukanakhala msewu akanafika m'maola awiri.

Eni dera ali ndi njira ina. Nyanja ikaundana amakwera snowmobile, njinga yamoto yoyenda pa chipale chofewa, atakoka qamutiik, chilei chathabwa chonyamulira katundu. Amawoloka Frobisher Bay, nyanja imene Iqaluit ili m'mphepete mwake, pamwamba pa madzi oundana, n'kukwera zitunda kudzera m'paki ya Katannilik, kutsata njira yakale yotchedwa Itijjagiaq mpaka kutsikira m'chigwa cha mtsinje wa Soper. M'njiramo muli tinyumba tobisalamo nyengo ikaipa. Wozolowera amafika tsiku lomwelo, ndipo pa chikondwerero cha Toonik Tyme mu Epulo pamakhala mpikisano wopita ku Kimmirut ndi kubwerako. Mtengo wake ndi mafuta basi, ndipo amanyamula katundu amene ndege ikanakana.

Apa ndilankhule mosapita m'mbali. Mlendo asayerekeze kuyenda njirayi yekha. Safunsa anadya phula. Madzi a ku Frobisher Bay amakwera ndi kutsika mamita ochuluka tsiku lililonse, ndipo zimenezi zimaswa madzi oundana a m'mphepete n'kuwaunjika ngati miyala. Mphepo ikanyamula chipale, kumwamba ndi pansi zimaoneka chimodzimodzi. Injini ikazima pakati pa njira kuzizira kuli madigiri 30 kunsi kwa ziro, moyo umadalira zimene munthu akudziwa ndi zimene wanyamula. Mukapita ndi mlenje wodziwa dera, mudzaona zokongola zimene wa pandege saona. Mukapanda wotere, dikirani ndege. Boti limayenda miyezi yochepa ya chilimwe chawo, ndipo kupita ku Kimmirut pamadzi n'kozungulira kwambiri chifukwa muyenera kulambalala ndomo yonse ya mtunda. Palinso nyengo ziwiri pachaka, pamene nyanja ikuyamba kuundana ndi pamene ikusungunuka, zomwe boti silingadutse ndipo snowmobile ingamire. Nthawi imeneyo ndege ndiyo njira yokhayo.

Pangnirtung ili pa makilomita pafupifupi 300 kuchoka ku Iqaluit, ola limodzi pa ndege. Potera pake pali pakati penipeni pa mudzi, nyumba mbali zonse ziwiri, ndipo mudziwo uli m'mphepete mwa madzi pakati pa mapiri ataliatali. Mphepo ya kumeneko ndi yamphamvu moti nyumba zina anazimangirira pansi ndi zingwe zachitsulo. Si zachilendo ndege kufika pamwamba pa mudzi, kuzungulira, n'kubwerera ku Iqaluit osatera.

Ku Kivalliq zinthu n'zosavutirapo. Whale Cove ndi Chesterfield Inlet zili pafupifupi makilomita 100 kapena kucheperapo kuchoka ku Rankin Inlet, Arviat pafupifupi 215, Baker Lake pafupifupi 260. Ndege imayenda ngati minibasi, kuima pamudzi uliwonse kutsitsa ndi kukweza, choncho onani pa tikiti kuti iima kangati musanawerengere nthawi.

Grise Fiord

Mudzi wa kumpoto kwambiri mu Canada yense umene anthu wamba amakhalamo ndi Grise Fiord, pa chilumba cha Ellesmere. Mu 2021 munali anthu 144. M'chinenero cha Inuktitut umatchedwa Aujuittuq, kutanthauza malo osasungunuka. Kuti mufikeko kuchoka ku Iqaluit mumayamba mwapita ku mudzi wa Resolute, makilomita pafupifupi 1,580, kuposa pang'ono kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, pa ndege ya mapulopela yoima panjira. Mukagona ku Resolute mumakwera Twin Otter, makilomita ena 380. Kandegeko kamapita kawiri pa sabata nyengo ikalola. Potera pake ndi pa mamita 500 ndi pang'ono, phiri lili pafupi, moti woyendetsa amayandikira mokhota. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale dzuwa silituluka.

Pano palibe zoyerekeza njira, chifukwa njira ndi imodzi. Choyerekeza ndi masiku amene mwasiya padera. Wopita ku Grise Fiord ndi ndondomeko yothina, yoti Lachisanu akhale atabwerera ku ofesi, akudzinamiza. Kuthamanga si kufika. Ndipo woyendetsa ndege akanena kuti lero sitipita, musamukwiyire. Pa 20 Ogasiti 2011 ndege ya Boeing 737 inagunda chitunda pafupi ndi bwalo la Resolute kuli mitambo yotsika. Anthu 12 anamwalira, atatu anapulumuka. Kumeneku kampasi wamba sadalirika chifukwa cha kuyandikira kwa nsonga ya maginito ya dziko, ndipo ndege ikalephera kutera, bwalo lina lothawirako lili kutali.

Sindingatchule midzi iwiriyi osanena mmene anthu anafikirako, chifukwa zimandipweteka. Mu 1953 ndi 1955 boma la Canada linasamutsa mabanja a chi Inuit kuchoka ku Inukjuak, kumpoto kwa Quebec, pafupifupi makilomita 2,000 chakum'mwera, n'kuwasiya ku Resolute ndi ku Ellesmere, pamodzi ndi mabanja ochepa a ku Pond Inlet oti awaphunzitse kukhala kumeneko. Anawauza kuti kuli nyama zambiri ndiponso kuti akafuna adzabwerera pakatha zaka ziwiri. Lonjezolo silinasungidwe. Anakumana ndi mdima wa miyezi umene sanauzolowere, ndi njala. Boma linapepesa mu 2010. Choncho wina akamafunsa kuti bwanji anthuwa amakhala kutali chonchi n'kumadandaula za mtengo wa ndege, yankho lake n'lakuti makolo awo sanasankhe okha. Mtunda umene zidzukulu zawo zikulipirira lero unapangidwa ndi boma.

Kwanu komwe, koma kudzera kwa eni

Sanikiluaq ndi mudzi wa kum'mwera kwambiri mu Nunavut, pa zilumba za Belcher mkati mwa Hudson Bay, pafupifupi makilomita 1,000 kuchoka ku Iqaluit. Ndege zake zokhazikika kwa nthawi yaitali zakhala za ku Winnipeg ndi za ku Montreal. Pa ndege zimenezi munthu wofuna kukafika ku likulu la dera lake lomwe amayamba watsikira kum'mwera, kugona kumeneko, kenako n'kukweranso.

Chimodzimodzinso Nuuk, likulu la Greenland, lili pa makilomita 820 okha kuchoka ku Iqaluit, ndipo anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi, zinenero zawo n'zapachibale. Kwa zaka zambiri wofuna kuwoloka ankatsikira kum'mwera kwa Canada, kuwoloka nyanja ya Atlantic mpaka ku Reykjavik ku Iceland kapena Copenhagen ku Denmark, n'kubwereranso. Mu Juni 2024 Air Greenland inayambiranso ndege yolunjika, kamodzi pa sabata m'miyezi yotentha, ulendo wa pafupifupi maola awiri. Ngati muli ndi ulendo woterewu ndipo ndegeyo ikuyendabe, ukonzeni kuti ugwere m'miyezi imeneyo.

Katundu: sitima ya pachaka kapena ndege

Wokakhala kumeneku kuposa chaka ayenera kuganizira za sealift, sitima zapamadzi zimene zimanyamuka mu mtsinje wa St. Lawrence ku Quebec, za makampani monga NEAS ndi Nunavut Sealink and Supply. Zimayenda kuyambira cha mu Julaye mpaka Okutobala, ndipo sizinyamula anthu. Midzi ikuluikulu imalandira sitima zingapo, yakutali ngati Grise Fiord nthawi zambiri imodzi pachaka. Galimoto, zipangizo zomangira nyumba, mipando, ufa, zam'chitini ndi mapepala a kuchimbudzi a chaka chonse zimabwera chonchi, ndipo pa kilogalamu mtengo wake ndi wotsika kwambiri kuposa pa ndege. Iqaluit inatsegula doko lake lakuya mu 2023. Midzi yambiri ilibe doko, katundu amamutsitsira pa zombo zafulati n'kumukokera kugombe.

Kuti mupindule ndi sitima muyenera kukhala ndi ndalama zambiri nthawi imodzi, miyezi ingapo katundu asanafike, komanso chipinda chosungira chomwe zinthu zamadzimadzi sizingaundane n'kuphulika. Apa mpamene pamaoneka kusiyana kwa anthu. Wantchito wa malipiro abwino amaitanitsa za chaka chonse motchipa, pamene banja losauka limagula pang'onopang'ono m'sitolo ya Northern kapena ya Co-op pa mtengo wokwera. Sitima nayo ili ndi ngozi zake. Mu 2018 madzi oundana anatseka njira ya zombo zochokera ku Hay River, tauni ya ku Northwest Territories, zopita ku Cambridge Bay ndi Kugluktuk, ndipo katundu wofunika kwambiri anachita kumutumiza pa ndege.

Mkaka, mazira, zipatso ndi masamba zimabwera pa ndege basi. Kuyambira 2011 boma lili ndi ndondomeko ya Nutrition North Canada, imene imapereka ndalama kwa eni masitolo kuti atsitse mitengo ya zakudya zoterezi. Mu 2014 mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka ndalama za boma anapeza kuti boma silinkatsimikizira ngati thandizo lonselo likufikadi kwa wogula, ndipo anthu akudandaulabe mpaka lero. Malangizo anga ndi akuti ngati mukakhala miyezi yochepa, dzazani mabokosi anu a pandege ndi zouma ndipo muzigula zotsalazo komweko. Ngati mukakhala zaka, chaka choyamba phunzirani kwa anzanu, chachiwiri itanitsani pa sitima, mwina mogawana bokosi limodzi lalikulu ndi banja lina.

Matenda akabwera

Chipatala chachikulu m'dera lonseli n'chimodzi, Qikiqtani General Hospital ku Iqaluit. Midzi inayo ili ndi zipatala zazing'ono zomwe zambiri zimayendetsedwa ndi anamwino. Wodwala mwakayakaya amatengedwa ndi ndege ya ambulansi, ndipo amatsata mitsinje itatu ija: wa ku Baffin amapita ku Iqaluit kapena Ottawa, wa ku Kivalliq ku Winnipeg, wa ku Kitikmeot ku Yellowknife kapena Edmonton. Ndegeyo imayamba yabwera kuchokera kumene imakhala, ndiye mtunda muuwerenge kawiri. Ndipo nyengo yoletsa ndege ya anthu imaletsanso ya ambulansi. Namwino wa kumudzi amatha kukhala ndi wodwala usiku wonse, dokotala ali pa foni, onse akudikira kuti mphepo ileke.

Amayi oyembekezera ambiri amachoka kumudzi kutatsala pafupifupi mwezi, kupita kumzinda kukadikira. Ife timadziwa za kuchidikiro, mayi atanyamula mbaula, ufa ndi beseni, apongozi kapena mchemwali ali pambali. Kusiyana kwake n'kwakuti chidikiro cha kumeneku chikhoza kukhala pa makilomita oposa 1,000, ndipo bambo ndi ana otsala sangangokwera njinga Lamlungu kukazonda. Amene ali ndi matenda a mgonagona monga a shuga kapena a mtima, kapena banja limene likuyembekezera mwana, aganizire bwino asanavomere ntchito ku mudzi wa ndege yaing'ono. Mankhwala a tsiku ndi tsiku azikhala m'chikwama cha m'manja nthawi zonse, okwanira masiku owonjezera, osati m'bokosi lopita kunsi kwa ndege.

Mlongo uja anasankha Rankin Inlet, ngakhale kalata ya ku Cambridge Bay inali ndi ndalama zochulukirapo. Sikuti zonse zili myaa. Rankin Inlet ili pamalo athyathyathya opanda mtengo ngakhale umodzi, ndipo mkuntho wa chipale ukayamba umatha kutseka bwalo la ndege, masukulu ndi maofesi kwa masiku angapo. Ulendo wake woyamba wopita kwa amuna ake unalephereka choncho, anakhala pawindo masiku awiri chikwama chili chomangamanga, nyumba ya moyandikana nayo osaoneka. Tsopano akamapempha tchuthi amawonjezera tsiku limodzi kutsogolo ndi lina kumbuyo, ndipo amuna ake ndi amene amabwera m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, chifukwa ntchito yawo imalola kuchedwa kubwerera pamene yake ya kuchipatala silola.